Laibulale ya eni ake ikakhala ndi vuto: patch, fork kapena kuikopera mu repo yanu?

Mzere wolakwikawo mwaupeza, koma suli mu khodi yanu. Uli mu laibulale ya anthu ena yomwe chida chanu chomangira pulogalamu chimatsitsa chokha pa intaneti, kaya ndi npm, Cargo, Go, CMake kapena Bazel. Kakonzedwe kake mukukadziwa, mwina ndi mizere inayi basi. Eni ake mwawalembera pa GitHub, koma ndi anthu ongodzipereka amene amayankha akapeza mpata, ndipo pull request yanu, pempho loti alandire kukonza kwanuko, ikhoza kugona kumeneko miyezi. Chonsecho pulogalamu yanu ikuyenera kutuluka sabata ino.

Zikatere aliyense amakonza yekha, palibe chachilendo. Pomwe anthu amasiyana maganizo ndi poti kusinthako akakusunge kuti. Njira zilipo zingapo, ndipo tsiku loyamba zonse zimagwira ntchito mofanana. Kusiyana kwake kumadzaoneka eni laibulale akatulutsa version yatsopano, mwina patatha chaka, wosintha uja atachoka kale pa ntchito. N'chifukwa chake njira iliyonse ndimaiyeza ndi mafunso awiri. Kusinthako kukasiya kugwirizana ndi khodi ya eni ake, chida chidzakuwa kapena chidzangokhala duu? Nanga wobwera m'mbuyo adzatha kuona mosavuta mizere yomwe ndi yathu ndi yomwe ndi ya eni ake?

Yoyamba kuichotsa panjira ndi yotsegula fayilo mu `node_modules`, mu `~/.cargo/registry` kapena mu foda yomwe CMake yatsitsira zinthu, n'kusintha momwemo. Pofufuza vuto zimathandiza ndithu. Koma mafoda amenewa salowa mu Git, chida chosungira mbiri ya khodi, ndiye mnzanu sadzaona kusinthako, seva ya CI, yomwe imamanga ndi kuyesa khodi yokha, sidzakuona, ndipo `npm ci` yotsatira idzafafaniza zonse.

Fayilo ya patch pafupi ndi khodi yanu

Iyi ndi njira yakale zedi. Pulogalamu ya `patch` anailemba Larry Wall, yemwe pambuyo pake anayambitsa Perl, ndipo inatuluka mu 1985. Kagwiridwe kake sikanasinthe kwenikweni: fayilo imanena mizere yochotsa, mizere yowonjezera, komanso mizere ingapo yoyandikana nayo, kawirikawiri itatu pamwamba ndi itatu pansi, kuti chida chidziwe malo ake. Mizere yoyandikanayo ndiyo mlonda wanu. Eni ake akasintha malo omwewo, patch imakana kulowa, build, ntchito yomanga pulogalamu, imaima, ndipo munthu amakakamizika kuyang'ana.

Kwa olemba JavaScript, chida chodziwika kwambiri ndi patch-package cha David Sheldrick. Mumasintha fayilo mu `node_modules`, kenako mumalemba `npx patch-package` ndi dzina la package. Chimayerekeza zomwe muli nazo ndi zoyambirira, n'kulemba kusiyanako mu foda ya `patches`, dzina la fayilo lili ndi version yake. Ndiye mumaika `patch-package` mu script ya `postinstall`, yomwe npm imayendetsa ikatha kutsitsa mapackage, kuti izilowa yokha nthawi zonse. N'chosavuta, koma chili ndi mbuna zake. Wina akagwiritsa ntchito `--ignore-scripts`, zomwe ambiri amachita dala poopa mapackage oipa, patch silowa ndipo palibe amakuuzani. Mu Dockerfile, anthu amakonda kukopera `package.json` ndi lockfile (fayilo yosunga ma version enieni a mapackage) zokha kenako n'kuyendetsa `npm ci`, foda ya `patches` isanafike. Pa kompyuta yanu, patch ikalephera chidachi chimangolemba uthenga n'kupitirira pokhapokha mutaika `--error-on-fail`. Pa CI pokha ndi pomwe chimaimitsa ntchito chokha.

pnpm ndi Yarn yatsopano, kuyambira version 2, anaika ntchitoyi m'kati mwa chida chenichenicho, ndipo ngati mukugwiritsa kale chimodzi mwa izi palibe chifukwa chofunira china. `pnpm patch` imakutsegulirani foda yongoyembekezera, mumasintha, `pnpm patch-commit` imalemba fayiloyo ndi kuilembetsa pansi pa `patchedDependencies`. Hash ya patch imalowa mu lockfile, kutanthauza kuti wina akaisintha mobisa zimaoneka. Ndipo mukakweza version, patch n'kutsala yopanda mwini, pnpm imakana kupitirira. Khalidwe limeneli ndi lomwe ndikufuna pa chida. Anthu a PHP, makamaka a Drupal, akhala akuchita zofananazi kwa zaka zambiri ndi `cweagans/composer-patches`.

Ku C ndi C++ nkhani imatengera chida. Bazel imalola `patches` pa `http_archive`, ndipo mu `MODULE.bazel` muli `single_version_override` yomwe imalandira mndandanda wa mapatch ndi `patch_strip`. Dziwani kuti Bazel imalowetsa patch ndi khodi yakeyake, osati `patch` ya GNU.   vcpkg imafuna mukopere port yonse mu foda yanu, muonjezere fayilo pa `PATCHES` mu `portfile.cmake`, n'kuiloza ndi `--overlay-ports`. Conan imalemba mapatch mu `conandata.yml`. Meson ili ndi `diff_files` mu fayilo ya wrap.

CMake ndiye imafuna kuleza mtima. `FetchContent`, yomwe inabwera mu version 3.11, imalandira `PATCH_COMMAND`, ndipo ambiri amaikapo `git apply`. Ulendo woyamba zimayenda. Koma CMake ikhoza kubwerezanso sitepe imeneyi pa khodi yomwe yalandira kale patch, makamaka ngati mukutsitsa kuchokera ku Git, ndipo `git apply` imakana chifukwa mizere yomwe ikufuna kuchotsa kulibenso. Anthu amazungulira vutoli ndi `UPDATE_DISCONNECTED`, kapena ndi kascript koyamba kafunsa `git apply --reverse --check` kuti kadziwe ngati patch ilimo kale. Kutsitsa tarball ndi `URL` ndi `URL_HASH` m'malo mwa Git kumachepetsanso mutu.

Malire a fayilo ya patch ali poti imafuna mawu owerengeka. Mapackage ambiri a npm amabwera atadutsa kale mu bundler, khodi yonse itapanikizidwa pa mzere umodzi wautali. Patch ya mzere wotere palibe angaiwerenge pa code review, ndipo imafa pa version iliyonse. Pa fayilo ya `.jar` kapena wheel ya Python yokhala ndi khodi yomangidwa kale, singathandize n'komwe. Pa Windows, Git ikasintha mathero a mizere kukhala CRLF, patch yabwinobwino imakana popanda chifukwa chooneka, ndiye lembani mu `.gitattributes` kuti mafayilo a `.patch` asamakhudzidwe. Komanso mapatch akachuluka, wina kudalira mnzake, kuwasamalira pamanja kumatopetsa. A Debian, opanga mtundu wina wa Linux, amagwiritsa ntchito chida chotchedwa quilt pa chifukwa chimenechi.

Fork, n'kuuza chida kuti chizitenga kumeneko

Rust ndi Go alibe njira yawoyawo yolowetsera fayilo ya patch, yomwe imatchedwanso diff. Zomwe amapereka n'kusintha komwe khodi ichokere. Mu `Cargo.toml` mumalemba gawo la `[patch.crates-io]` n'kuloza crate, package ya Rust, ku repo ya Git kapena ku foda. Mu `go.mod` mumalemba `replace`. Ku Python, `pip` imalandira `git+https://` ndipo uv ili ndi `[tool.uv.sources]`. Bazel ili ndi `git_override`. Konseko maganizo ndi amodzi: mumapanga fork, kope lanu la repo ya eni ake, mumadula branch kuchokera pa tag ya version yomwe mukugwiritsa, mumaika ma commit anu pamwamba, n'kuloza chida pa commit imeneyo. Pa commit, osati pa branch. Branch imasuntha, ndipo build ya lero ndi ya mawa zidzasiyana inu osakhudza kanthu.

Ubwino wa fork ndi woti mumagwira ntchito mu repo yeniyeni. Mayeso a eni ake alimo, mukhoza kuwayendetsa. Mukhoza kusintha mafayilo ambiri, kusintha ma dependency a laibulaleyo (malaibulale ena omwe imadalira), kumanganso `dist`. Branch yomweyo ndiyo mumatumiza ngati pull request. Eni ake akatulutsa version ina, `git rebase`, yomwe imasamutsira ma commit anu pa version yatsopanoyo, imadziwa mbiri ya mafayilo, ndiye imathetsa zambiri zomwe `patch` ikanangokana, ndipo `git range-diff` imakuonetsani ngati ma commit anu asintha tanthauzo posamuka.

Koma pa funso loyamba lija, fork imalephera. Siikuwa. Mukailoza pa commit, imakhala pomwepo mpaka kalekale, build ikuyenda bwinobwino, pamene eni ake akutulutsa ma version, ena mwa iwo okonza mabowo a chitetezo. Zida zomwe zimakuuzani kuti dependency yakalamba zimadalira dzina ndi nambala ya version ya mu registry, nkhokwe yomwe mapackage amatsitsidwako, ndipo chinthu chochokera ku repo yanu zikhoza kungochidumpha. Fork ili ngati ndalama ya katapila: tsiku lotenga imakupulumutsani, koma mwezi uliwonse womwe simunabweze, chobweza chimakula, mpaka rebase yomwe ikanatenga ola imafuna sabata yathunthu.

Cargo ili ndi kachete kakenso kena. Version yolembedwa mu fork ikapanda kugwirizana ndi yomwe pulojekiti ikufuna, Cargo imangochenjeza kuti patch sinagwiritsidwe ntchito, kenako imamanga ndi crate ya ku crates.io, registry ya Rust, ngati palibe chachitika. Munthu wokweza ma dependency Lachisanu madzulo chenjezo lotere saliona. Vuto lomwe munakonza chaka chatha limabwerera mwakachetechete.

Palinso nkhani ya mwini fork. Ikakhala pa akaunti ya GitHub ya munthu mmodzi, tsiku lomwe adzafufute repo kapena kuchoka pa kampani, build ya aliyense idzaima. Iikeni pa akaunti ya bungwe.

Ngati zomwe mukulemba ndi laibulale, zonsezi sizikuthandizani

Apa ambiri amadzidzimuka mochedwa. Pafupifupi zida zonse zinagwirizana pa lamulo limodzi: wosintha ma dependency ndi pulojekiti ya pamwamba yokha. Cargo imawerenga `[patch]` ya pa muzu wa workspace basi. Go imanyalanyaza `replace` iliyonse yomwe sili mu module yaikulu, ndipo `go install` yokhala ndi `@version` imakana module yomwe ili ndi `replace`. Ma override a Bazel amagwira mu root module yokha. `overrides` ya npm chimodzimodzi. crates.io siilandira crate yodalira repo ya Git yopanda version ya mu registry, ndipo PyPI, registry ya Python, siilandira package yoloza dependency pa URL.

Lamuloli lili ndi nzeru, chifukwa malaibulale awiri akanatha kusintha dependency imodzi mosiyana, palibe akanadziwa womvera. Koma zotsatira zake n'zoti mayeso anu adzadutsa ndi khodi yokonzedwa, pamene ogwiritsa laibulale yanu adzalandira yosakonzedwa. Chotsala ndi kuzungulira vutolo m'khodi yanu, kusindikiza fork pansi pa dzina lina, kapena kukopera khodiyo m'kati.

Kukopera khodi yonse mu repo yanu

Achingerezi amati vendoring. Mumatenga khodi ya laibulale, kuiika mu foda monga `third_party`, n'kuilowetsa mu Git ngati yanu. Mapulojekiti akuluakulu amachita izi. Chromium, maziko a browser ya Chrome, ili ndi foda yotere, ndipo laibulale iliyonse mmenemo imakhala ndi `README.chromium` yonena komwe inachokera, version yake, chiphaso chake ndi zomwe asintha.

Phindu lake lalikulu ndi loti build sidalira intaneti kapena chifuniro cha munthu wina. Mu March 2016 Azer Koçulu atachotsa mapackage ake pa npm, kuphatikizapo left-pad ya mizere 11, ma build ambirimbiri padziko lonse anaima, Babel, chida cha JavaScript, ndi odalira Babel ali m'gulu lomwelo. Amene anali ndi khodiyo mu repo yawo sanamve kanthu. Kwa ife omwe timagula bandulo, kapena timakamangira pulogalamu pa seva ya ofesi yomwe netiweki yake imabwera ndi kupita, phindu limeneli si laling'ono.

Koma samalani, foda ya `vendor` yomwe zida zimapanga zokha si malo osinthiramo. `go mod vendor` imailemba mwatsopano ulendo uliwonse, ndiye zanu zimapita. `cargo vendor` imaika `.cargo-checksum.json` mu crate iliyonse, ndipo mukasintha fayilo Cargo imakana kumanga. Crate kapena module yomwe mukufuna kusintha iikeni mu foda ina, muiloze ndi `path` kapena `replace`.

Pomwe njirayi imagwa ndi pa funso lachiwiri. Mizere yanu imasakanikirana ndi ya eni ake. Pakatha zaka ziwiri, anthu asanu akhudzamo, ndipo wofuna kukweza version amakopera yatsopano pamwamba n'kufafaniza zokonza zomwe sankadziwa kuti zilipo. Mankhwala ake ndi mwambo: commit imodzi yolowetsa khodi ya eni ake osaikhudza, ma commit ena apadera a zosintha zanu, kapena mafayilo a patch osungidwa pambali pake. `git subtree` imathandiza pamenepa. `git submodule` kwenikweni ndi fork yoloza pa commit, ndipo ili ndi mavuto onse a fork, kuonjezapo loti anthu amaiwala `--recurse-submodules`.

Khodi yokopedwa imabisalanso. Bowo la chitetezo la Log4j, laibulale ya Java, litadziwika mu December 2021, chomwe chinatenga nthawi m'makampani ambiri sikunali kukweza version koma kupeza malo onse omwe laibulaleyo inali, chifukwa ina inali itapakidwa m'kati mwa ma jar ena, yosaoneka pa mndandanda wa ma dependency.

Kumanga nokha n'kuika pa registry yanu

Ku Java njira yachizolowezi ndi iyi, poti chomwe Maven ndi Gradle amatsitsa ndi jar yomangidwa kale. Mumamanga fork yanu, kuipatsa version yosiyana, monga `2.4.1-patch1`, n'kuikweza ku Nexus kapena Artifactory. A npm ali ndi Verdaccio. Python ili ndi kalembedwe kake ka version ya m'nyumba, `2.4.1+patch1`, komwe PyPI imakana dala kuti zotere zisatuluke panja.

Imayenera pamene matimu angapo akufuna kukonza komweko, kapena pamene kumanga laibulaleyo kumatenga nthawi yaitali. Kwa anthu awiri kapena atatu, seva yowonjezera yoti muziisamalira ndi katundu wosafunika. Zolakwa zake ndi ziwiri zodziwika. Choyamba, kusiya nambala ya version monga inalili n'kungochita `mvn install`: jar yokonzedwa imakhala mu `~/.m2` ya kompyuta imodzi, dzina lofanana ndi ya eni ake, ndipo palibe angasiyanitse. Chachiwiri, dzina. Mu February 2021 Alex Birsan anaonetsa kuti munthu akasindikiza pa registry ya aliyense package ya dzina lofanana ndi la m'kati mwa kampani, version yake n'kukhala yokwera, zida zina zimasankha yakunjayo. Analowa motero m'makina a Apple, Microsoft ndi PayPal, mwa ena. Ku npm gwiritsani ntchito scope yomwe ndi yanu, ndipo ku pip musadalire `--extra-index-url` pa mapackage a m'kati.

Pongoyesera pa kompyuta yanu pali njira zachidule zomwe sizifuna zonsezi: `go.work` kuyambira Go 1.18, `--include-build` ya Gradle, `--override_module` ya Bazel, `FETCHCONTENT_SOURCE_DIR_` yotsatidwa ndi dzina la laibulale mu CMake, `npm link`. Zonsezi n'zofufuzira, zithere pa desiki yanu.

Zomwe zinachitikira Debian

Mu 2006 wosamalira package ya OpenSSL, laibulale yopangira makiyi achitetezo, ku Debian anachotsa mizere iwiri mu fayilo ya `md_rand.c` pofuna kuletsa machenjezo omwe Valgrind, chida chofufuzira zolakwa, inkapereka okhudza memory yowerengedwa isanaikidwemo kanthu. Umodzi mwa mizereyo ndi umene unkalowetsa zinthu zosalosereka mu chopangira manambala achisawawa. Utachoka, chinatsala ndi nambala ya process yokha, yomwe sinkapitirira 32,768. Makiyi a SSH ndi SSL opangidwa pa Debian ndi Ubuntu kuyambira September 2006 anali oti munthu akhoza kuwayesa onse mmodzimmodzi. Luciano Bello ndiye anazitulukira mu May 2008, patatha pafupifupi zaka ziwiri.

Wosinthayo sanali munthu wamphwayi, ndipo anafunsako pa mndandanda wa makalata wa OpenSSL asanasinthe. Koma patch yomalizayo inakhala ku Debian kokha, osalowa mu khodi ya OpenSSL komwe odziwa fayiloyo akanaiona tsiku ndi tsiku. Inkalowa bwino pa version iliyonse, build osadandaula. Ndiye ngakhale njira yomwe imakuwa imangokuwa mizere ikasemphana. Za tanthauzo la mizereyo siidziwa kanthu. Kutumiza patch kwa eni ake, ngakhale mukudziwa kuti achedwa, ndi njira yotchipa yopezera maso a anthu odziwa khodiyo kuposa inu.

Debian ili ndi kalembedwe ka mutu wa patch kotchedwa DEP-3, konena chomwe patch ikuchita, wolemba, komwe inachokera, ndi ngati inatumizidwa kwa eni ake. Yocto, pulojekiti yomangira Linux ya m'zipangizo, imafuna mzere wa `Upstream-Status` wokhala ndi mawu monga Pending, Submitted, Backport kapena Inappropriate. Simukusowa kukhala wa Debian kuti mutengere mwambowu. `git apply` ndi `patch` zonse zimadumpha mawu olembedwa pamwamba pa diff, ndiye malo olembapo alipo. Pomwe chida chimalembanso fayiloyo chokha, monga patch-package, sungani mawuwo mu README ya mu foda ya `patches`.

Chiphaso nachonso chiwerengeni musanagawe pulogalamu. Apache 2.0 imafuna kuti mafayilo osinthidwa alembedwe poonekera kuti mwawasintha. GPL imafuna kuti wolandira pulogalamuyo athenso kulandira khodi yake, zosintha zanu zili momwemo. MPL 2.0 imafuna zomwezo koma pa mafayilo ake okha. MIT ndi BSD zimangofuna kuti mawu a chiphaso asachoke.

Ndiye musankhe iti

Ngati kukonzako n'kwa mizere yochepa, makamaka ngati eni ake anakonza kale pa branch yawo koma sanatulutse version, fayilo ya patch palibe yoiposa. Pa GitHub mukaonjezera `.patch` kumapeto kwa adiresi ya commit kapena pull request, mumalandira fayiloyo. Itsitseni muisunge mu repo yanu. Musaloze chida ku adiresi ya pull request, poti wolemba wake akhoza kuisintha usiku.

Ngati mwawonjezera chinthu chachikulu chomwe eni ake sakuchifuna, kapena chida chanu ndi Cargo kapena Go, fork ndiyo njira, koma pakhale munthu wodziwika ndi dzina amene amayang'ana ma release a eni ake. Ngati eni ake anaisiya laibulaleyo, commit yomaliza ndi ya zaka zapitazo, musadzinamize ndi fork yodikira rebase yomwe sidzabwera. Ikopereni, mudule mbali zomwe simuzigwiritsa, muiwerenge ngati khodi yanu. Registry ya m'kati isiyireni a Java ndi makampani a matimu ambiri.

Chomwe ndimaumirira pa njira iliyonse ndi mayeso amodzi, mu repo yanu, omwe amalephera patch ikachoka. Amenewa ndi amene amagwira Cargo ikadumpha fork yanu, `postinstall` ikapanda kuyenda, kapena wina akakopera version yatsopano pamwamba pa `third_party`. Pokweza version, yambani mwachotsa patch n'kuyendetsa mayesowo. Akadutsa, ndiye kuti eni ake anakonza kale, ndipo fayiloyo pamodzi ndi mzere wake mu `package.json` kapena `go.mod` zifufutidwe mu commit yomweyo.